Lamba wa Agogo Oji ndi zikhadabo zanga zakuda

Febuluwale 2017

Ndinali pa sinki, ana anga, ndikutsuka mpunga kachitatu monga amafunira anthu a ku Japan, kutsuka, kutsuka, mpaka madzi ayere mbee. Ndinangomva kumbuyo kwanga, "Feresi-san, pukutani m'manja." Anali Madamu Yuko, abwana anga aakazi, foni ili m'manja, nkhope ili duu, osadziwika ngati kwagwa zabwino kapena zoipa. Ndinapukuta pa epuloni. Anandipatsa foniyo. Ine zilembo za Chizungu zimandithawa, sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma chithunzi sichifuna sukulu. Apa nkhope ya Lonile, mwana wanga. Apa kankhope ka Tadala, mdzukulu wanga, amene chibadwireni ndinali ndisanamuberekepo kumbuyo.

"Visa yatuluka," anatero Madamu. "Onse awiri. Akubwera."

Ayi ine! Ndinalulutira nthungululu m'nyumba yam'mwamba ija, nyumba imene ngakhale chitseko chimatsekeka monong'ona. Ndinalulutira mpaka Madamu anagwira makutu uku akuseka. Mpunga uko mu sinki, ine uko pabalaza, kuvina, kugwada, kudzuka, kuvinanso.

Pano ndinapuma ntchito, ndili pakhonde panga ku Balaka, ndikulemba m'kope lasukulu pang'onopang'ono ngati nkhuku yomwa madzi. Iwe Tadala umauza anzako kuti unakwerapo ndege uli ndi zaka zitatu. Nzoona unakwera. Koma sudziwa kuti ulendo umenewo ndinatsala pang'ono kuutaya ine mwini, ndi manja anga omwewa, chifukwa cha kapaketi ka dayi. Khalani pansi mumve.

2011 mpaka 2013, Al Qusais

Ndinafika ku Dubai zaka makumi anayi nditadutsa kale, agogo anu aamuna atatisiya. Ntchito yoyamba inali ku Al Qusais, pafupi ndi bwalo la ndege, nyumba ya ana asanu. Dzina la madamu a kumeneko sinditchula, alekeni ndi Mulungu wawo. Nditangolowa, pasipoti yanga inalowa m'kabati, kiyi m'chikwama mwawo. Mawu oyamba kuwaphunzira anali "yalla", ndiye kuti fulumira. Yalla kuchapa, yalla kusita, yalla kukolopa, yalla mwana walira. Ndege zikudutsa pamutu tsiku lonse, ine ndikuziwerenga ndi maso, iyi mwina ya kwathu, iyo mwina ya kwathu. Tsiku lopuma kunalibe. Njala ya m'mimba inalibe mphamvu, chakudya chinalipo, koma njala ya pakamwa, mayo ine. Buledi wopyapyala ngati nsalu, mpunga wamafuta, nkhuku yozizira ya mu fuliji. Ndinkalota chigwada, ndinkalota nkhwani wotendera. Ndinabzala bonongwe m'chitini cha penti padenga, ndi njere zimene ndinazipeza m'ngodya ya chikwama changa. Anamera masamba anayi, dzuwa la mwezi wa Juni linamuphika ali chiimire.

Chabwino chimodzi cha ku nyumba imeneyo chinali bini ya zinyalala. Tsiku lina ndikutaya zinyalala ndinamva munthu akung'ung'udza nyimbo ya Chiyao kuseri kwa mpanda. Ndinati, "Odi kumeneko!" Anakuwa, "Anduwe, ndani ameneyo?" Anali Asiyatu wa ku Machinga, wantchito wa nyumba yoyandikana nayo. Kuyambira pamenepo zinyalala ndinkataya kanayi pa tsiku. Zaka ziwiri zitakwana ndinati khalas, basi kwatha, ndipatseni kabuku kanga. Asiyatuyo ndiye anandilumikiza ndi Che Yusufu, dalaivala wa kwathu konkuno amene ankayendetsa bwana wina wa ku Japan. "Akufuna mayi wachikulire wolera mwana," anatero Che Yusufu. "Koma amayi, anthu ake ndi aukhondo woopsa. Chimbudzi chili ndi masilipasi akeake."

2013, Downtown

Ndinapita kwathu miyezi iwiri, ndinakwatitsa Lonile, ndinabwerera. Nyumba yatsopano inali ku Downtown, m'mwamba mwenimweni, pawindo ukuona nsanja yaitali ija ya Burj Khalifa ngati ungaikhudze ndi chikolopa. Tsiku loyamba Madamu Yuko anandiweramira. Ine ndinacheuka kuti ndione amene akumuweramira. Kenaka anatenga pasipoti yanga, anaiyang'ana, anandibwezera ndi manja awiri. "Iyi ndi yanu, sungani nokha. Lachisanu lililonse ndi lanu." Ndinalowa m'kachipinda kanga, ndinaiika pansi pa pilo, ndinailirira.

M'nyumbamo munali Bwana Kenji, Madamu Yuko, ndi Hana, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, tsitsi lodulidwa ngati mbale. Ntchito yanga ina inali kumuperekeza Hana ku karate kawiri pa sabata. Tinkakwera sitima ya Metro mpaka ku Al Qusais komwe kuja, ku holo ina pakati pa magalaja, imene eni ake amaitcha dojo. Poyamba mumtima ndinkadandaula. Mwana wamkazi kumuphunzitsa ndewu, adzamukwatira ndani? Koma nditakhala pabenchi paja ndinaona zina. Polowa aweramira chitseko. Aweramira aphunzitsi. Aweramira mnzawo amene akuti amenyane naye, akamaliza amuweramiranso, amuthokoza. Chibakera chimaima kutsogolo kwa mphuno, chii, osakhudza. Ana a Amwenye, a Afilipino, a Aluya, onse zoyera mbee, onse kukuwa kamodzi, holo kunjenjemera. Ndewu yanji yopanda mkwiyo? Ndewu yanji yothokozana?

Loweruka lina Bwana Kenji anabwera nawo atavala zoyera. Atamaliza, aliyense anatenga kansanza, anandanda kukhoma, manja pansi, matako m'mwamba, kuthamanga akupukuta pansi. Bwana wanga, amene Che Yusufu amawatsegulira chitseko cha galimoto, ali pakati pa ana ndi kansanza! Ndinadumpha pabenchi. "Bwana, bweretsani, ntchito yanga imeneyo, anthu aziti chiyani?" Anakaniza kansanzako. "Ayi, Feresi-san. Wapondapo ndiye apukute." Ndinabwerera pabenchi manja ali lende, ndikuti anthu awa ndi amtundu wina ndithu.

Chaka chilichonse, mwezi wa Disembala, kunkabwera bambo ake a Bwana Kenji kuchokera ku Japan. Hana ankawaitana ndi dzina lalitali, ine ndinalidula nkukhala Agogo Oji. Kamunthu kakafupi, mutu wa mbuu, msana woongoka ngati mtengo wa bulugamu. Sutikesi yawo theka inali mphatso, iliyonse yokulungidwa bwinobwino mpaka kuchita manyazi kung'amba pepala. Ya Hana, ya Madamu, ya aphunzitsi a karate, ya Che Yusufu, ndi yanga yomwe, ine wantchito. Pofika sakumbatirana ndi mwana wawo, ayi. Uyu werama, uyo werama, basi. Ndinkati kodi amakondana anthu amenewa? Koma m'mawa, dzuwa likamatuluka, mipando ya pabalaza ikankhidwire kukhoma, atatu aja aime mzere. Gogo, mwana, mdzukulu. Phazi limodzi, mpweya umodzi, kutembenuka kumodzi. Agogo agwire chigongono cha Bwana Kenji, achitsitse pang'ono, ngati akadali kamwana. Agwire bondo la Hana, alikankhe pang'ono. Ife tikachezerana timapha nkhuku nkukhala pamphasa mpaka nkhani zithe. Iwo macheza awo ndi amenewo, osalankhula koma akumvana. Ine ndili pakhomo la khitchini ndi tiyi wawo wobiriwira, ndikuyang'ana, mtima uli ku Balaka.

2015

Tadala anabadwa 2014, ndinamuona pa foni, kamutu ngati papaya. Tchuthi changa chopita kwathu chinali cha 2015. Ndinali nditagula kale timadiresi ta Tadala m'masitolo a ku Karama. Koma Madamu anali oyembekezera, mimba yovuta, adokotala atawaletsa ngakhale kunyamula ketulo. Anandiitana kuchipinda atagona. "Feresi-san, ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu chachikulu. Musapite chaka chino. Mayi anga anamwalira, pano ndilibe wina." Ndinayang'ana timadiresi tija mumtima, ndinayang'ana mayi ali gone. Ndinati, "Madamu, kwathu wodwala sitimusiya." Anandigwira dzanja. "Mwana akabadwa nkukhwima, Lonile ndi Tadala tidzawaitanitsa. Adzagona m'nyumba muno. Apongozi anga amabwera chaka ndi chaka, inunso anu abwere." Anabadwa mwana wamwamuna, Ren, ndinamubereka pa chitenje mpaka Madamu anaphunzira kumanga okha. Mapepala a ulendo ndi ambiri, ana anga, ili lipite ili libwere. Pofika Disembala 2016 onse anali atakwana, ali m'fayilo yobiriwira pa tebulo la Madamu, kudikira kuti chaka chikayamba akaperekedwe.

Disembala 2016

Chaka chimenecho Agogo Oji anabwera ndi chikwama china. Aphunzitsi a ku dojo anawapempha kuti adzatsogolere maphunziro oyamba a chaka chatsopano, pamaso pa makolo onse. Zaka zonsezo pabalaza ankachita atavala buluku wamba, koma ulendo uno anatenga zovala zawo zoyera. Madamu anati nditumize zovalazo kwa adobi a pansi pa nyumba yathu, bambo wina wa ku Pakistan wa ndevu zofiira, amene ankayenda ndi kangolo m'nsanjika zonse. Potulutsa zovalazo ndinaona lamba. Mayo, lamba! Wa Bwana Kenji ndi wakuda bii, wowala. Koma uyu wa Agogo, mbuu ngati phulusa, m'mbali monse ulusi uli wirawira, pomangira patatsala pang'ono kuduka. Chikuda chinangotsala timadontho. Ndinakhala pabedi ndikumugwira. Munthu wamkulu chonchi, wopatsa mphatso chonchi, akaime pamaso pa anthu ndi chisanza m'chiuno? Anthu akati mpongozi wake ndi ndani? Wantchito wa m'nyumbamo alibe maso? Zovala ndinapatsa adobi, lamba ndinamubisa.

Lachisanu ndinapita ku Karama, kuchipinda kumene Asiyatu ankakhala ndi anzake atasiya ntchito ya m'nyumba nkuyamba ya m'sitolo. Ndinawafotokozera. Amake Mwila, mnzathu wa ku Zambia, anaomba m'manja. "Olemera ndiye aumbombo, mwandi! Ndege akwera, lamba alephera kugula?" Asiyatu anati, "Asisi, pali telala apa amagulitsa dayi. Ndinadetsera abaya wanga, mkanjo wa Chisilamu uja, anachita kukhala wa m'shopu. Akakupatsani mphatso ina, muona." Tinapita, tinagula kapaketi kakuda.

Loweruka banja lonse linapita kukaona chipululu. Ine ndinatenga sizasi, ndinadula ulusi wonse wolendewera, mwee mwee. Ndinawiritsa madzi m'poto wakale, ndinathira dayi ndi mchere, ndinamuviika lamba uja ndikuimba. Magolovesi ndinayamba nawo, koma ankanditerera, ndinawavula. Ndinamuyanika m'bafa mwanga, ndinamusita, ndinamupinda. Wakuda bii, ngati wa mnyamata. Zovala zitabwera kwa adobi ndinamuika pamwamba pake m'chikwama muja, ndinatseka zipi. Ndinkayenda m'nyumba ndikumwetulira ndekha.

M'mawa mwake Agogo anatsegula chikwamacho pabalaza kuti ayese zovala. Ine ndili pakhomo la khitchini, ndikudikira kuthokozedwa. Anamutulutsa lamba uja. Anamutembenuza. Anamuyendetsa chala m'mbali mmene munali ulusi. Anangokhala pansi pang'onopang'ono, lamba ali pamiyendo. Madamu anagwira pakamwa. Bwana Kenji anayamba kulankhula Chijapani chothamanga chimene sindinawamvepo. Ine kumwetulira kunauma. Ndinabwerera cham'mbuyo kulowa m'khitchini, Hana ananditsatira maso ali ndi misozi.

"Iwe Hana, kwatani?"

"Lamba wa agogo wawonongeka."

"Wawonongeka bwanji, si wada bwino?"

"Feresi-san, simudziwa? Anawapatsa ndi aphunzitsi awo, bambo asanabadwe. Aphunzitsiwo anamwalira. Lamba ameneyu sachapidwa. Amayera yekha ukamamumanga tsiku ndi tsiku. Kuyera kuja ndi zaka zawo zonse. Ku dojo anthu amafuna kudzaona kuyera komweko."

Ndinayang'ana manja anga. Khungu langa ndi lakuda kale, silinandiulule, koma zikhadabo, zikhadabo khumi zonse zili bii m'mphepete. Ndinaziponya m'thumba la epuloni. Nthawi yomweyo Madamu analowa. "Feresi-san, kodi lamba anapita limodzi ndi zovala kwa adobi?" Ana anga, ndikulemba zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi. Ndinati, "Sindikukumbuka, Madamu." Iwo anagwedeza mutu. "Ndi iwowo. Aona ngati akutithandiza. Ndikauza a ofesi ya nyumba ino, asadzalowenso muno ndi kangolo kawo."

Masana ndinadzitsekera m'bafa, ndikupala zikhadabo ndi ndimu, foni ili pakhutu.

"Asiyatu, tapalamula."

Atamva zonse anati, "Asisi, tamverani. Khalani duu. Mwamva? Duu. Dulani zikhadabozo, pakani hina, utoto wa m'manja uja, khalas."

"Nanga adobi?"

"Adobi ndi abale anu? Dubai ndi yaikulu, akapeza nyumba ina. Inu mukufuna adobi kapena mukufuna mdzukulu? Fayilo ija ili pa tebulo. Mukayasamula pakamwa, ndege ya Tadala yagwa."

Sanali kunama Asiyatu. Zaka zitatu ndisanaone mwana wanga. Mdzukulu akuyenda, akulankhula, agogo ake akuwadziwa ngati kanthu ka mu foni. Ndinatuluka m'bafa nditatsimikiza kuti ndikhala duu.

Chakumadzulo belu linalira. Anali adobi aja, a ofesi atawaitana kale. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, osayerekeza kuponda mkati. "Madamu, wallahi, lamba sindinamuone. Malaya amodzi, buluku limodzi, basi. Nyumba ino ndiye ntchito yanga yonse. Abwana anga akamva andibweza kwathu." Madamu ali chilili, nkhope youma. Bambo uja anasuzumira kumbuyo kwawo, anandiona. "Mama, ndinu munandipatsa. Munawerenga nokha. Auzeni, mama." Bambo ameneyu ankandionetsa zithunzi za ana ake aakazi mu lifiti. Nayenso ana ake anali a mu foni. Ndinati, Mulungu, Tadala akabwera pa msana wa munthu uyu, ndidzamubereka bwanji?

Ndinadutsa Madamu, ndinapita pabalaza pamene panali Agogo Oji. Ndinagwada monga timagwadira kwathu. Ndinatulutsa manja m'thumba, ndinawatambasula, zikhadabo m'mwamba. "Hana, bwera uwauze agogo ako. Usachotse mawu, usawonjezere. Ndine. Adobi sakudziwa kanthu. Ndinadula ndine, ndinaphika ndine, ndipo m'mawa ndawanamiza Madamu."

Agogo anatsika pampando, anagwada nawonso moyang'anana nane, mwa kwawo, atakhalira zidendene. Anayang'ana zikhadabo zanga nthawi yaitali. Ananena mawu amodzi. Hana anati, "Akuti chifukwa chiyani."

"Uwauze kuti kwathu munthu wamkulu sitimulola kukaima pagulu ndi chong'ambika. Ndi manyazi a nyumba yonse. Ndinaona ngati alibe wowasamala. Ndinawatenga ngati bambo anga. Ndinalakwa posafunsa."

Hana ananena. Agogo anaweramitsa mutu pang'ono, anadzuka, analowa kuchipinda ndi lamba wawo. Bwana Kenji anapita pakhomo, anaweramira adobi aja mpaka mutu kufika m'mawondo, bambo wa ndevu zofiira mpaka anasowa pothawira. Madamu sanandiyang'ane. Anapita pa tebulo, anatenga fayilo yobiriwira ija, anaiika mu dilowa, anatseka. "Za dayi ndikanamvetsa," anatero. "Koma ndinakufunsani." Kulira kwa dilowa imeneyo ndimakumvabe.

Januwale 2017

Tsiku la ku dojo ndinapita nawo chifukwa panalibe wogwira Ren. Sabata yonse Agogo anali asanandilankhule. Bwana Kenji anawapatsa lamba wawo kuti abwereke, anakana. Anamanga yemweyo, wa dayi wa ku Karama.

Holo inadzaza, makolo m'mbali monse. Agogo analowa pakati okha. Ana anga, ndaona magule, ndaona beni, ndaona ngoma ya Angoni, koma kuyenda kwa nkhalamba imene ija sindidzakuiwala. Ayambe pang'onopang'ono ngati akupalasa madzi. Kenaka phaa! Malaya kulira okha ngati chikwapu. Aime chii, ngakhale chikope osaphethira. Atembenuke, atsike, akwere, akuwe kamodzi, Ren kumbuyo kwanga kudzidzimuka. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri! Kenaka anaitana Bwana Kenji ndi Hana, atatu aja anachita za pabalaza zija pamaso pa anthu, ndipo amayi ena a Chifilipino pambali panga ankapukuta m'maso. Atatero anaphunzitsa ana onse, mzere ndi mzere, kugwira chigongono ichi, kukankha bondo ilo, thukuta lili kamukamu.

Thukuta limenelo ndiye linamaliza nkhani. Dayi wa telala uja anayamba kusungunuka. Ndinaona kamzere kakuda kakutsika pa malaya oyera, kutsogolo, kumbuyo, mpaka pa buluku. Ndinafuna pansi patseguke. Anthu onse akuona, koma a ku Japan ulemu, aliyense maso kudenga ngati kuli chithunzi. Agogo anazindikira pomanganso lamba, manja awo ali bii. Anayang'ana manja, anayang'ana malaya. Hana anayesa kudzigwira, anatseka pakamwa, koma mphuno inamupereka, fwee! Agogo anamuyang'ana mwaukali. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka, ana anga, anaseka mpaka kugwira m'mimba, holo yonse inamasuka.

Atapukuta pansi anagawa chakudya chawo cha chaka chatsopano, nyemba zophika ndi shuga, inde shuga, muli timikate ta mpunga tomata m'mano. Agogo anabwera pabenchi panga ndi mbale ziwiri, Hana ali pambali. Anandipatsa imodzi.

"Akuti akadali okwiya," anatero Hana. "Akuti lamba uja sadzabwereranso."

"Uwauze ndikudziwa."

"Akuti dayi wanu ndi woipa kwambiri."

"Uwauze ndi wa ku Karama."

Anatafuna kamkate kaja nthawi yaitali. Analankhulanso, motsitsa. Hana anayamba wayang'ana pansi. "Akuti chimwalirireni agogo aakazi, palibe amene anayang'anapo zovala zawo nkuda nkhawa kuti anthu awaseka." Kenaka analoza foni yanga. "Akuti aone mwana amene mukumudikira." Ndinawaonetsa Tadala atavala kadiresi ka ku Karama kamene ndinatumiza, kali kothina kale. Anayang'ana, anabweza foni ndi manja awiri, anadzuka. Basi. Sanalonjeze kanthu.

Anabwerera ku Japan patatha masiku atatu. Tinatsika tonse kukawaperekeza, tinawerama mpaka galimoto ya Che Yusufu inakhota. Malaya aja ndinawachapa kanayi, ndimu, mchere, dzuwa, koma mzere wotuwa unakana, anapita nawo choncho. Madamu anakhala masabata akundilankhula za ntchito zokha. Sitani ichi, Ren wadya? Dilowa ili chitsekere. Lonile akaimba foni kufunsa, "Amayi, tiyambe kulongedza?" ine ndinkati, "Inshallah, mwanawe." Sindinapemphe, sindinakumbutse. Wolakwa salamula tsiku lomukhululukira.

Febuluwale 2017, Karama

Tsiku la mpunga lija, nditatopa nkuvina, ndinagwada pamaso pa Madamu. Anandidzutsa. "Apongozi anga amaimba foni Lamulungu lililonse," anatero. "Asanafunse za Hana, asanafunse za Ren, amayamba ndi kuti, mapepala aja mwapereka? Ndinapereka kalekale, sindinakuuzeni. Ndinali ndisanathe kukwiya." Anandiyang'ana, anakweza manja ngati Mwarabu wa pamsika. "Pano khalas."

Lachisanu lake chipinda cha ku Karama chinachepa. Mabedi osanjikana tinawakankhira kukhoma, nsapato mulu pakhomo, mandasi beseni lonse, mpunga wa biriyani wogula pansi pa nyumba, nkhuku zootcha. Ine pakati, chitenje m'chiuno, ndikuimba yanga yopeka pompo: akubwera, akubwera, wa mu foni akubwera, ndidzamubereka, ndidzamununkhiza, akubwera! Ndipo anabwera kudzakondwera nane awa, muwadziwe, muziwatchula mukamapemphera. Asiyatu wa ku Machinga, amene anandikumbatira nkunena kuti, "Asisi, mutu wanu ndi wouma, koma Mulungu amakukondani." Amake Mwila a ku Chipata, amene anavina mpaka bedi linathyoka mwendo. Che Yusufu ndi akazi awo Abiti Saidi. Esitere wa ku Ntcheu, wolera ana ku Jumeirah. Mwandida wa ku Mulanje ndi mng'ono wake Patuma. Giresi wa kwaya, amene anatsogolera pemphero, Asilamu ali amini, ife tili ameni. Marisa wa ku Philippines, wa bedi lam'mwamba, amene sanamve liwu limodzi koma analira kuposa tonse. Hana, atavala chitenje changa, ndi Madamu Yuko amene anakwera masitepe a nsanjika zinayi a ku Karama Ren ali kumbuyo, nkuyesa nthungululu ikuwakanika. Ndipo pomalizira, atagogoda kaye, atanyamula bokosi la maswiti a kwawo, adobi a ndevu zofiira, a Gulamu, amene zaka zinayi ndinkawapatsa zochapa, dzina lawo nkulidziwa tsiku limenelo.